Lamulo Lakale la a Chikale

Kuseri kwa shedi yosungiramo matenti ndi mipando yobwereketsa kunali kachipinda kamene a Chikale ankakatcha ofesi ya zamakompyuta, ngakhale kuti theka lake linali la zingwe, zikhomo ndi nsalu zoyala pamatebulo. Mmenemo munkakhala anthu awiri: a Chikale, amene analemba pulogalamu yolandirira maoda a bizinesi ya akazi awo, ndi mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa mayiwo, yemwe aliyense ankamutchula kuti Ndauzidwa chifukwa chibadwire sanachitepo chopitirira kapena chochepera pa zimene wauzidwa.

Pulogalamuyo inali ndi kachilema kamodzi. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro, inkatumiza uthenga pafoni ya aliyense amene wabwereka tenti tsikulo: "Tikukufunirani chisangalalo chosatha! Vinani mpaka mbandakucha, ndipo tikuyembekeza kudzakutumikiraninso posachedwa." Paukwati uthengawo unkakoma. Tsoka lake n'lakuti matenti sabwerekedwa paukwati pokha. Sabata yathayo unafikira mayi wina wamasiye bokosi la amuna ake lili pakhomo, ndipo eni bizinesi anakapepesa atagwada. Tsono lero tenti yaikulu inali pamaliro ena, ndipo akazi a Chikale asananyamuke kukaikhoma anasiya mawu ochepa: uthengawo ukapitanso, za kompyuta apatsa anthu ena, a Chikale ayambe kunyamula mipando. Bamboyu sankaopa kulemera kwa mipando ayi. Ankaopa kuonedwa pa maukwati atasenza mipando pamutu, munthu woti wakhala akumanga tayi moyo wake wonse.

Chilemacho anali atachikonza kale pakompyuta yawo. Chotsala chinali kutumiza zosinthazo kunkhokwe yakutali, kumene pulogalamu yeniyeniyo imatenga zimene ikagwiritse ntchito.

"Alamu," anatero a Chikale akupinda manja a malaya, "lero ndi tsiku loopsa. Musagwire kanthu."

"Kanthu kalikonse?"

"Kompyuta, waya, chilichonse. Manja m'matumba."

Ndauzidwa anapisa manja onse awiri m'matumba a thalauza n'kukhala njo pampando, chifuwa patsogolo ngati munthu wodikira mendulo. Foni yake inali itasuzumira m'thumba la malaya. Kumapazi analibe kanthu, poti anaponda chithaphwi pobwera, ndipo masokosi ake anali atayanikidwa pa chibokosi chachitsulo chotuwa chimene chinkapuma mpweya wofunda pansi pa tebulo.

"Chifuwacho bwanji?"

"Ndauzidwa kuti ndizikhala chonchi."

"Khalani mmene mukufunira. Onetsetsani, muone ntchito ya akuluakulu."

A Chikale anatsekula zenera lakuda pasikirini n'kulemba lamulo lawo lakale, mzere wa mawu ouza kompyuta kuti itumize zosinthazo. Sankayang'ana n'komwe pa kiyibodi. Zala zinkalidziwa lamulolo kuposa mutu, ndipo mabatani amene linkadutsamo anali atafufutika zilembo. Kompyuta itafunsa kuti asintha chiyani, analemba kuti "Ndakonza za maliro," n'kudina batani lalikulu ndi chala chapakati monga mwa masiku onse. Pasikirini panabwera nambala yatsopano ya zosintha, ndipo pansi pa tebulo panamveka kuti *krrr-krrr*.

"Zapita! Nambalayo mwaiona?"

"Ndaiona."

"Lamulo limodzi, mzere umodzi. Zaka zonsezi silinandikhumudwitsepo. Zafika kutali zimenezo."

"Zafika."

"Kutali."

"Zafika, ndatero."

"Tiyese tsopano." A Chikale analemba oda yabodza ya maliro, n'kuikapo nambala ya foni yawo, n'kudina poyesera. Foni inanjenjemera patebulo. Anaitola akumwetulira, n'kuyamba kuwerenga mokweza. "Tikukufunirani chisangalalo chosa... Aa!"

"Malizani, alamu. Pali za kuvina."

"Ndikudziwa kuti pali za kuvina, ndinalemba ndine! Ndi netiweki iyi. Mvula ikagwa imachita ulesi."

"Netiweki ili bwino. Timagetsi tonse tikuyaka."

"Ndiye ndi foniyi."

"Foniyo yalandira zimene yatumiziridwa."

"Ndakufunsani?"

"Ayi."

"Ndiye khalani chete."

Ndauzidwa anatseka pakamwa. A Chikale analembanso lamulo lija, ulendo uno akudina mwamphamvu ngati kuti mphamvu ya chala imakankhira zinthu patali. Nambala inakwera. *Krrr-krrr.* Anayesanso. Foni inawafuniranso chisangalalo chosatha.

"Koma abale! Chikuchitika n'chiyani? Alamu! Ndikulankhula ndi inu!"

"Mwati ndikhale chete."

"Tsekulani pakamwa."

"Chalira."

"Chalira n'chiyani?"

"Chibokosi."

"Ine ndikunena za seva, kompyuta ya nkhokwe yakutali imene ili kutsidya kwa tauni, m'chipinda chozizira, yolonderedwa usiku ndi usana, inu mukundiuza za choumitsira masokosi?"

"Ndangonena chimene chalira."

A Chikale anamuyang'ana mlamu wawo maso tuzu. Nkhope ya Ndauzidwa inali ngati ya munthu amene wabisa mwala wotentha m'kamwa: masaya otukumuka, maso akuthawathawa.

"Pali chimene mukudziwa inu."

"Chilipo."

"Chokhudza vutoli?"

"Chokhudza vutoli ndithu."

"Ndiye nenani!"

"Ndinaletsedwa."

"Ndi yani? Achemwali anu?"

"Ndi inu."

"Ine? Liti?"

"Tsiku lija mwana wanu wamkazi anabwera kutchuthi n'kusamutsa zinthu. Munaimirira apo, pafupi ndi zikhomozo, munamenya tebulo, munati: M'chipinda muno munthu asadzandiuze chilichonse chokhudza zatsopanozo, ngakhale nyumba ikupsa."

A Chikale anakumbukira, ndipo kunena zoona chilondacho chinali chisanapole. Mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira mausi anabwerako kusukulu n'kuseka lamulo la bambo ake, amvekere limeneli anthu anasiya kalekale. Tsiku limenelo anamenyadi tebulo.

"Chabwino, ndinanena. Nanga lero si tsiku lapadera?"

"Nyumba ikupsa?"

"Sikupsa."

"Ndiye sitinafike n'komwe pamene munanenapo. Ndipo ngakhale ikanapsa, munati ndisanene."

"Mayo ine!"

"Chotsani chiletsocho, alamu. Mungoti, ndachotsa. Ine ndinena zonse."

"Sindichotsa. Munthu wamkulu sabweza mawu. Lero ndibweze, mawa mudzati ndivale thalauza long'ambika m'mawondo poti ndi zatsopano."

"Ndiye basi."

"Basi bwanji? Nenani zimene mungathe kunena popanda kutchula zatsopano."

Ndauzidwa anakweza maso kudenga, n'kuganiza mpaka mitsempha ya pachipumi kuoneka.

"Za zakale ndingathe kunena?"

"Zimenezo nenani mmene mungathere."

"Zakale zili bwino kwambiri."

"Mwaona!"

"Lamulo lanu likugwira ntchito. Palibe chimene lataya."

"Ndi zimene ndakhala ndikunena! Pitirizani, alamu, lero mwalankhula zanzeru."

"Chilichonse chimene munatumiza chinafika, ndipo chikusungidwa pofunda."

"Pozizira. Seva imakhala pozizira."

"Pofunda."

"Musanditsutse pa zinthu zimene simukuzidziwa. Inu ndi achemwali anu ndinu amodzi. Iwo amadziwa mipando basi, kuwerenga miyendo inayi-inayi. Nzeru za bizinesi ino zili m'mutu uno, kungoti sindikonda kudzitama."

Ndauzidwa anawerama pang'ono, n'kuyang'ana thumba lake la malaya, n'kukankhiranso chifuwa patsogolo.

"Mwamaliza, kapena pali zina?"

"Zina za chiyani? Ndipatseni ambulera."

"Manja ali m'matumba."

"Asa!" A Chikale anadzitengera okha ambulera kuseri kwa chitseko. "Ngati lamulo lili bwino, ndiye kuti vuto lili konko. Ndipita ndikaione sevayo ndi maso angawa. Anyamata a kumeneko ayenera kuti anaigwetsera tiyi."

"Mukametetse ndevu mukafika."

"Mwati chiyani?"

"Kumeneko tsopano amameta. Amaluka ndi tsitsi lomwe. Kampani yosunga maseva ija inatseka."

Ambulera inatsetsereka m'manja mwa a Chikale n'kugwera pa mulu wa nsalu.

"Inatseka? Osandiuza?"

"Zinali zatsopano."

"Nanga seva yanga?"

"Ili bwino."

"Sindinafunse za moyo wake ngati ndi mwana wodwala. Ndafunsa kuti ili kuti!"

"Iii, apa ndiye pavuta, alamu."

"Pavuta chiyani?"

"Sevayo ndi yakale, imeneyo ndingaitchule. Koma malo amene ilipo ndi atsopano. Tsono sindikudziwa kuti funso lanuli lili mbali iti."

"Musatchule. Lozani."

"Manja..."

"Lozani ndi mlomo!"

Ndauzidwa anasongola milomo mpaka kuoneka ngati akufuna kuimba mluzu, n'kuiloza pansi pa tebulo. A Chikale anatsatira mlomowo ndi maso.

"Masokosi."

"Mmm-mm."

"Mapazi anu."

"Mmm-mm!"

"Alamu, anthu ali pachisoni uko, ine msana wanga uli pangozi, inu mukundionetsa zikhadabo?"

"Lembaninso lamulo lanu lija. Koma maso musaike pasikirini."

A Chikale anafuna kukana, chifukwa kukana ndiko kunali chakudya chawo, koma kushedi kunayamba kumveka anyamata onyamula katundu akutsegula mpopi kusamba m'manja. Nkhomaliro inali pafupi. Anatambasula mkono n'kulemba lamulo osayang'ana, maso ali pansi pa tebulo. Atangodina, timagetsi tobiriwira tinaphethira pansi pa sokosi lakumanzere. *Krrr-krrr.*

Anadinanso. *Krrr-krrr.*

Anagwada pang'onopang'ono, mawondo akuliza, n'kunyamula sokosi limodzi ndi zala ziwiri. Pansi pake panali kachitupa kamene anamata okha kalekale ndi selotepi, ka zilembo za dzanja lawo: OSAZIMITSA. Pambali pa chibokosicho panali pophwanyika paja anachigwetsa potsika takisi tsiku lokachisiya kutsidya kwa tauni.

"Ichi ndi seva yanga."

"Eya."

"Nkhokwe yakutali."

"Eya."

"Ili pansi pa tebulo."

"Pamenepo ndiye sindikananena, koma mwaona nokha."

"Yabwera bwanji muno?"

"Atatseka anaibweza. Achemwali anati, ipezere malo, uilumikize mmene inalili. Ndinailumikiza mmene inalili. Waya aliyense m'bowo lake."

"Ndipo miyezi yonseyi ine ndakhala ndikutumiza ntchito yanga kuchoka pamwamba pa tebulo kupita pansi pa tebulo?"

"Imafika msanga."

"Mukuumitsira masokosi pa ntchito ya moyo wanga!"

"Palembedwa kuti osazimitsa. Za masokosi sipanalembedwe."

A Chikale anakhala pansi penipeni, msana atatsamira mpukutu wa tenti. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Koma munthu wamakani ali ngati mphaka, ukamuponya amafuna pogwera ndi miyendo, ndipo posakhalitsa anapapeza.

"Dikirani! Ayi, ayi, ayi. Mwezi watha tinagula tenti yoyera ija. Ndinaiika m'pulogalamu ndi lamulo lomweli, ndipo anthu anayamba kuiitanitsa. Ndinaona ndi maso anga. Zinafika bwanji kwa anthu ngati zimathera pansi apa?"

"Zinafika."

"Ndikufunsa kuti bwanji!"

"Zimenezo ndi zatsopano zenizeni. Mulibe chakale ngakhale pang'ono."

Kushedi mpopi unatsekedwa. Wina anakoka benchi. A Chikale anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako milu ya mipando yoyera imene inkaoneka pa khomo, yosanjikizana mpaka kudenga ngati ikuwadikira. Madzi anali atafika m'khosi.

"Mvetserani bwino, alamu. Chiletso chija sindikuchichotsa."

"Chabwino."

"Ndikungochipumitsa."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mumalize kulankhula."

"Ndikapuma pakati kuti ndimeze malovu, ndiye kuti ndamaliza?"

"Lankhulani, munthu inu!"

Ndauzidwa anakoka mpweya wambiri ngati wofuna kumira, ndipo mawu amene anasungidwa miyezi yonseyo anatuluka ngati madzi a mpopi wothyoka.

"Mwana wanu anasamutsira pulogalamu kunkhokwe yatsopano, yakutali zenizeni, ndipo pulogalamu imatenga za kumeneko, za m'chibokosimu siziona, ndiye achemwali anandiitanira kuseri kwa shedi n'kundiuza kuti, chibokosi chikalira ndiye kuti alamu ako atumiza kanthu, iwe uzitenga zimenezo pakompyuta yako n'kukankhira kunkhokwe yatsopano monga mwana wakuonetsera, uzichita mwakachetechete, ngati sanakufunse usawauze, chifukwa bambo amene uja lamulo lake lija ndi limene limamudzutsa m'mawa, ukamulanda ndiye kuti wamulanda ndodo, ndipo ine sindifuna kumuona akuyenda chowerama m'nyumba mwanga. Ndamaliza."

Pansi pa tebulo chibokosi chinkapumabe mpweya wake wofunda.

A Chikale anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma ukaliwo sunabwere. Chimene chinabwera chinali china, chofunda, chimene chinawadzaza mumtima. Mkazi yemweyo wolankhula ngati mkulu wa asilikali, woopseza ndi mipando, ndiye amene miyezi yonseyi wakhala akuwatchingira mphepo iwo osadziwa. Anamukonda pa nthawi imeneyo kuposa tsiku la ukwati wawo, ndipo anachita manyazi ndi zimene ananena za miyendo inayi-inayi. Anapukuta m'maso ndi chinthu chimene chinali m'manja, ndipo anazindikira mochedwa kuti linali sokosi.

"Ananenadi choncho? Za ndodo?"

"Mawu ake omwewo. Ine sindiwonjezera."

"Ndiye kuti lamulo langa lija, mbali yake yomaliza ndinu."

"Sindikudziwa. Ine ndimangomva kulira."

"Nanga lero chalira kangati? Bwanji simunakankhe?"

Ndauzidwa anayang'ana matumba a thalauza lake, kumanzere ndi kumanja.

"Ooh," anatero a Chikale.

"Mungoti, tulutsani manja. Ndichita pompano, nthawi ilipobe pang'ono."

A Chikale anadzuka, n'kukutumula fumbi kumbuyo. Njira inali yosavuta, mawu awiri okha. Koma anali atapumitsa kale chiletso chimodzi, ndipo kubweza mawu kawiri dzuwa lisanapendeke kunali kopitirira mphamvu zawo.

"Ayi. Ndinati musagwire kanthu, ndipo simugwira kanthu. Mawu anga si mpira woti uzidunda."

"Ndiye amasiye avine?"

"Savina. Ndilemba ndekha. Inu muzingonena."

"Lamulo latsopano?"

"Musalitchule dzina. Muzingoti lamulo linalo. Lili pati?"

"Mwana wanu analiika kale pakompyuta yanu. Lili kuseri kwa kapepala kamene munamata pakona ya sikirini."

A Chikale anamatula kapepalako mosayang'ana kumbali, ngati munthu wochotsa bandeji.

"Ndatsekula. Nenani."

"Iii."

"N'chiyaninso?"

"Pakamwa sindilidziwa. Zala ndi zimene zimalidziwa."

"Munthu wanji wosadziwa chimene amalemba tsiku ndi tsiku?"

"Lanu lija mungalinene pakamwa?"

A Chikale anayesa mumtima, n'kupeza kuti pakati pake pali mdima.

"Musasinthe nkhani. Gwedezani zalazo m'matumba momwemo, muziwerenga zimene zikulemba."

Ndiye mukanaona: bambo wamkulu, wopanda nsapato, chifuwa patsogolo, maso otsinzina, matumba a thalauza akuvinavina ngati muli mbewa, akutchula chilembo chimodzichimodzi, ndipo mnzake akuchisaka pa kiyibodi ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira, poti mabatani amenewa zala zake zinali zisanapondepo.

"Mpata pamenepo."

"Ndaika."

"Dinani. Apo mwasunga."

"Zapita?"

"Ayi, mwangosunga. Tsopano mukankhe."

"Kawiri? Langa ndi kamodzi! Kusunga, kenako kukankha, ndine woyendetsa wilibala ine?"

"Ndi mmene ndinauzidwira."

"Anthu a masiku ano ntchito yoti n'kuichita kamodzi amaidula pawiri kuti aoneke otanganidwa. Nenani, nenani msanga!"

Matumba anavinanso. A Chikale anatola zilembo zotsalazo, n'kuimika chala chapakati pamwamba pa batani lalikulu. Anadina.

Pasikirini panayenda timizere tingapo, n'kuima. Pansi pa tebulo panali phee.

"Sichinalire."

"Linalo sililiza kanthu."

"Ntchito yopanda phokoso ndi ntchito imeneyo?"

"Yesani."

Analembanso oda yabodza ya maliro, n'kudina poyesera. Foni inanjenjemera. Ulendo uno sanaitole msanga. Anaitembenuza ndi nsonga ya chala, n'kuwerenga ndi diso limodzi, kenako onse awiri.

"Pepani ndi zovuta zimene zakugwerani. Tili nanu limodzi pa chisoni chanu." Anawerenganso kachiwiri, mawu akukwera. "Pepani ndi zovuta! Alamu, pepani ndi zovuta! Tili nanu pa chisoni!"

Sipanaonekepo munthu wosangalala ndi uthenga wa maliro ngati a Chikale tsiku limenelo. Anazungulira tebulo akuvina, tayi ikuuluka, mpaka anapunthwa pa chikhomo. Kushedi anyamata anayamba kutsegula mapoto awo a chakudya, ndipo wotchi inafika pa nthawi yake popanda woiopa.

Atakhala pansi n'kupezanso mpweya, anakokera mpando wawo pafupi ndi mlamu wawo n'kutsitsa mawu.

"Tsopano mvetserani. Zimene zachitika muno zithere muno. Achemwali anu asadziwe kuti ndadziwa."

"Chifukwa?"

"Mayi amene uja wavutika kundibisira chinthu chimenechi. Ndi mphatso yake. Munthu akakuphimba bulangete uli m'tulo, sudzuka n'kumuuza kuti ndimakuona. Mawa ndilemba lamulo langa lakale, chibokosi chilira, inu mukankha, iwo azisangalala kuti bambo sakudziwa kanthu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Simuwauza?"

"Ine sindiwauza."

"Lumbirani."

"Palibe chifukwa cholumbirira. Amva kale okha."

"Amva bwanji ali kumaliro?"

Ndauzidwa analoza ndi chibwano thumba lake la malaya.

"Anaimba m'mawa inu musanalowe. Anati, usadule, ika foni m'thumba la pamtima, ukhale molunjika kuti ndizimva bwino mmene zikuyendera. Sindinadule."

A Chikale anayang'ana kafoni kosuzumirako. Kenako, osadziwa chimene akuchita, anaimirira, n'kukonza tayi, n'kumanga batani la pakhosi pamaso pa thumba la malaya a mlamu wawo.

"Amayi?" anatero ndi mawu aang'ono. "Mwayamba kumva kuyambira pati?"

M'thumbamo munatuluka mawu onong'ona, a munthu amene wabisala kuseri kwa tenti kuti anamfedwa asamuone akuseka.

"Kuyambira pa manja m'matumba, abambo. Za miyendo inayi-inayi ndamvanso."

"Imeneyo inali nthabwala ya pantchito."

"Tikakambirana kunyumba. Uthenga wafika kuno, mwana wa malemu wandionetsa, wati zikomo. Mipando musanyamule. Msana wanuwo ndi wakale ngati lamulo lanu, ndipo zonse ziwiri ndakhala ndikuzisamala ndine. Koma za bulangete zija mudzandiuzenso madzulo, ndinamva mbali imodzi, kuno amaimba nyimbo."

"Ndidzanena, amayi."

"Iwe, dula foniyo tsopano."

"Manja ali m'matumba, achemwali."

"Atulutseni, atulutseni!" anatero a Chikale, ndipo sanamve n'komwe kuwawa kobweza mawu.

Foni itadulidwa, anakhala kanthawi akuyang'ana sikirini, pakona paja panali kapepala. Analembanso lamulo linalo, osadina, kungofuna kuona ngati zala zayamba kuligwira. Zinaphonya chilembo chimodzi chokha. Anamwetulira mwakachetechete, kenako anatembenuka ndi nkhope ya munthu amene wakhala akutsogolera chitukuko kuyambira kale.

"Alamu, m'chipinda muno tatsalira kwambiri. Dziko likupita patsogolo ife tikukakamira zinthu zolira. Chotsani masokosi anuwo, muzimitse chibokosicho, chipite kushedi."

Ndauzidwa anayang'ana a Chikale. Anayang'ana masokosi ake, amene anali atauma bwino, ofunda ngati buledi wongotuluka mu uvuni. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chibadwire: anakokera mpando wake patsogolo, n'kusanjika mapazi onse awiri pamwamba pa chibokosicho, n'kupinda manja pachifuwa.

"Mwamva zimene ndakuuzani?"

"Ndamva, alamu, koma sindichita. Inu pitani nazoni zatsopano zanuzo. Chibokosi ichi miyezi yonseyi sichinandikhumudwitsepo."